Nkhani Idatsala M'foni Yanga Yosweka

Patatha miyezi isanu osandilankhula, Mlembi adabwera kwathu Loweruka masana, malaya atasita, chikwama cha laputopu chili paphewa. Ndidamuonera pazenera la kukhitchini, ndipo mbale imene ndinkatsuka idandipulumuka n'kugwera m'madzi. Sindinama, mtima wanga udafika kugeti ine ndisanapukute ndi manja omwe.

Adatsegula geti ndi achimwene. Iwo amakonza mafoni, ndipo Loweruka amaweruka msanga. Achimwenewo Mlembi sadamukondepo chiyambire. Ankamutchula kuti Bambo Sankhani, chifukwa nkhani zimene ankalemba zidali zowerengera pa foni, zija zoti ukawerenga pang'ono pamatuluka mawu akuti "Sankhani", ndiye umadina kuti munthu wa m'nkhaniyo alowe m'nyumba kapena abwerere, anene zoona kapena aname, nkhaniyo n'kumatsata kumene wailozera. Kwa achimwene imeneyo siidali ntchito. Ankati mwamuna wolemba zinthu zosagwirika ndi manja adzadyetsa mlongo wawo mphepo.

Ine ndi Mlembi tidadziwana chifukwa cha nkhani yomweyo. Ndinkaiwerenga m'basi popita ku sitolo ya magalasi a maso kumene ndimagwira ntchito. Tsiku lina ndidapeza kuti mlonda wa pa siteshoni, amene adamwalira m'mutu wachitatu, akumwa tiyi bwinobwino m'mutu wachisanu ndi chimodzi. Ndidalembera mwini nkhani uthenga womufunsa ngati kumanda kwawoko amapereka tchuthi. Adayankha tsiku lomwelo kuti mlondayo adabwerera kapu yake imene adaiwala, koma amubweza msanga. Uthenga udabala uthenga, kenaka tidakumana, ndipo chibwenzi chathu chidayenda chaka ndi theka.

Tidasiyana tsiku limene ankayenera kudzaonekera kwa amayi. Amayi adaphika, adayala nsalu yatsopano patebulo, ndipo tidadikira maola atatu. Iye adali kwa Wojambula, mtsikana amene ankajambula zithunzi za m'nkhani yake, ati kampani idafuna mutu womaliza tsiku lomwelo. Atafika, achimwene adamuyankhira mkati mwa geti osatsegula. Ine ndidali m'chipinda, ndikumva zonse, koma sindidatuluke. Ndinkayembekeza kuti alemba uthenga wopepesa. Iyenso, ndikhulupirira, ankadikira kuti ndiyambe ndine. Miyezi isanu idatha motero.

* * *

Adakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo ngati mwana wodwala. Adapatsa moni amayi mwaulemu wonse, n'kupepesa za tsiku lija. Amayi adangoti zakale sizidyeka. Atatembenukira kwa ine, ndidamupatsa moni ngati mlendo wofunsa njira.

"Muli bwanji?"

Adandiyang'ana modabwa, chifukwa chiyambire chibwenzi chathu ndidali ndisanamunenepo kuti inu. Adayankha kuti ali bwino pang'ono.

Kenaka adafotokoza. Kampani imene inkasunga nkhani zake idatseka. Iye ankalembera pa tsamba la kampaniyo pa intaneti, mutu uliwonse ndi nthambi zake zonse, ndipo nthawi zonse ankati adzakopera mawa. Kalata yochenjeza olemba idapita ku adiresi yake yakale imene adasiya kutsegula. Pamene ankamva, tsambalo lidali litatsekedwa kale, pulogalamu yowerengera itachotsedwa, ndipo foni iliyonse imene idali ndi nkhaniyo, ikangolumikizana ndi intaneti, mitu yonse inkafufutika yokha. Adayimbira owerenga onse amene ankawadziwa. Aliyense ankamuuza zofanana, kuti atatsegula adapeza mulibe kanthu. Ntchito ya zaka zitatu, mitu khumi ndi iwiri, mathero khumi ndi anayi, zonse zidapita ngati utsi.

Ndidamumvera chisoni, ndipo ndidatsala pang'ono kusuntha kuti ndikhale naye pafupi. Pamenepo ndi pamene adafunsa.

"Foni yako yakale ija, ya galasi losweka, ukadali nayo?"

Ndidali nayo. Idali m'kabati ya zovala, pansi pa majuzi, yopanda simu, yozima kuyambira tsiku limene ndidagula yatsopano. M'menemo ndidatsitsiramo mitu yonse, chifukwa m'basi intaneti inkadukaduka.

Achimwene, amene adatsamira chitseko nthawi yonseyi, adaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ine ndimati mwabwerera munthu, alamu anga a m'maloto. Kani mwabwerera foni?"

Mlembi adangoyang'ana chikwama chake, ndipo zimenezo zidandilowa ngati munga. Ndidafuna kunena kuti foniyo ndidataya. Koma amayi adandidula. Adati thukuta la munthu salipondaponda ngakhale mwini wake atakulakwira. Adaika malamulo awo: foni isatuluke m'nyumba, tizikhala pabalaza chitseko chili chotsegula, Loweruka ndi Lamulungu masana basi.

* * *

Tisanayatse foniyo, achimwene adazula kabokosi ka intaneti pakhoma, poopa kuti foniyo ingakumbukire intaneti ya m'nyumba. Itayaka, adadina kachizindikiro ka ndege kamene kamatseka zolumikizana zonse, n'kundichenjeza kuti kandege kameneko kakangozima, nkhani yatha. Kenaka adabwezera kabokosi kawo, ati sangagone ndi njala ya mpira chifukwa cha nthano za Bambo Sankhani.

Ngakhale ankamunyoza, luso lawo lidawayabwa. Adalumikiza foniyo ku kompyuta yawo, adayesa izi ndi izo, kenaka adavomereza kuti mawuwo adatsekeredwa mkati mwa pulogalamu ndipo satuluka. Adati chanzeru n'kungojambula galasi la foniyo ndi kamera ina, tsamba ndi tsamba. Mlembi adayesa kamodzi, n'kunena kuti ming'alu ikubisa zilembo. Adati ndi bwino ine ndiziwerenga mokweza, poti ndimadziwa kupendeketsa foni yanga kuti mawu aoneke, iye azilemba.

Ndi mmene tidayambira. Ine pa sofa, foni ili m'manja, chingwe cha magetsi chili chilumikizire chifukwa batire lidali lotopa. Iye patebulo, zala zili pa laputopu. Tikafika pa "Sankhani", ankalemba mbali zonse ziwiri m'kope, kuika chizindikiro pa imene tatenga, kuti tidzabwerere ku inayo tsiku lina.

Nkhaniyo idali ya mlendo amene sitima idamusiya pa kasiteshoni kakang'ono. Pamenepo padali akazi awiri, wogulitsa matikiti ndi woyimba wa m'nyumba yodyera. Wowerenga ankasankha kuti mlendoyo atsate uti. Ine ndidaiwerenga nkhaniyo kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkasankha wogulitsa matikiti. Woyimbayo sindinkamufuna n'komwe. Komanso titayamba chibwenzi, wamatikitiyo adayamba kusintha m'mitu yatsopano. Adayamba kupukuta magalasi ake ndi mpendero wa malaya monga ndichitira ine, kuluma chivindikiro cha cholembera, ndi kudzudzula anthu olakwitsa kalembedwe. Ndinkawerenga m'basi ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

Sabata yoyamba ndidawerenga ndi mawu ouma ngati wolengeza za maliro. Sabata yachiwiri ndidayamba kumuseka pa zolakwa zake. Tidapeza galu amene adasintha mtundu kawiri m'mutu umodzi, ndi mvula imene inkagwa mlendo ali kuyanika malaya. Iye ankapempha kuti tikonze, ine ndinkakana, ndimvekere tikukopera, sitikubatiza. Achimwene akamadutsa ankaima pakati pa balaza n'kunena ndi mawu a pa wailesi kuti, "Sankhani: tiyi, kapena khomo lotulukira." Amayi ankawathamangitsa ndi nsalu yopukutira mbale.

Tsiku lina ndidaiwala. Adalemba liwu molakwika ndipo ndidati, "Iwe, kodi sukumva?" Adaima, osatembenuka, koma ndidaona khutu lake likusuntha chifukwa cha kumwetulira. Mzere wotsatirawo adaulakwitsa wonse.

* * *

Sabata yachitatu tidafika pa mutu wa khumi ndi chimodzi, umene ndinkauopa.

M'mutu umenewo mlendo uja amalankhula kwa wogulitsa matikiti mawu amene Mlembi adandiuza ine ndisanawaone m'nkhani. Tidali pa siteji, patatha miyezi itatu tidziwanirane. Basi yake idabwera katatu, iye osakwera, ati yadzaza, pamene idali ndi mipando yopanda anthu. Itachoka yachitatu adandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ine ndimalembera anthu njira zambirimbiri, koma ndikaona iwe ndimasowa chosankha chachiwiri." Patapita mwezi ndidawapeza mawu omwewo m'foni, ndipo ndidalira m'basi, wondiyandikira mpaka kundipatsa kansalu. Ndidadziwa kuti anthu zikwi awerenga mawuwo, koma mwini wake ndine ndekha.

Tsopano ndidayenera kuwawerenga mokweza, amayi ali kusoka batani pakhonde. Ndidawawerenga msangamsanga ngati wolumpha ngalande. Iye sadalembe. Adangokhala, manja ali pamiyendo.

"Ndinkanena zoona," adatero motsitsa.

Tsiku limenelo ndidamuperekeza mpaka pageti, ndipo tidaima pamenepo kanthawi tikukamba za galu wosintha mtundu uja, aliyense akuopa kukamba zenizeni.

Nditabwerera ndidapeza achimwene kukhitchini akundidikira. Sadaseke ulendo uno. Adati iwo mafoni amawadziwa, ndipo anthu obwera ndi mafoni akufa amawadziwanso. Munthu amabwera akulira, kukutchula bwana, kukugulira chakumwa, koma ukangomutulutsira zithunzi zake, mawa mukakumana pamsewu amayang'ana kumbali.

"Mlongo wanga, udzifunse wekha. Akadzalemba mzere womaliza, geti ili adzaligogodanso?"

Ndidawauza kuti asamalowerere za ine. Koma funso lawo lidandikhala pachifuwa sabata yonse. Amayi nawo, osatchula dzina la munthu, adayamba kukamba za mwana wa mnzawo, mphunzitsi wofatsa, amene akuti akanena kuti afika nthawi yakuti, amafika nthawiyo isanakwane.

* * *

Lachinayi, nthawi ya nkhomaliro, foni yanga yatsopano idalira. Nambala idali yachilendo, koma chithunzi chake ndidachizindikira. Adali Wojambula. Ndidamuonapo kawiri kokha, koma mkazi amene adakudikiritsa maola atatu sumuiwala.

Uthengawo udati: "Moni mnzanga. Ndamva kuti mukuukitsa nkhani yathu, mwachita bwino. Mukafika kwa woyimba, mutu wachisanu, muwerenge mofatsa. Ine ndi pamene ndimapakonda."

Nkhani yathu. Ndidawerenga mawu awiriwo mpaka chakudya chidazizira. Ndidalemba yankho, ndidafufuta, ndidalembanso, ndidafufutanso. Pomaliza sindidatumize kalikonse. Ndikadatha kutenga foni yosweka ija n'kukayang'ana ndekha, koma ndidadziuza kuti sindingayendetsedwe ndi mkazi mnzanga ngati chidole. Komabe Lamulungu, titamaliza mathero achinayi a wogulitsa matikiti, Mlembi ataloza m'kope lake nthambi ina ya mbali yomweyo, ndidati ayi, lero tiyambe za woyimba.

Adati palibe vuto. Nkhope yake siidasinthe n'komwe, ndipo zimenezo zidandikhazika mtima pansi pang'ono.

* * *

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndidadina kuti mlendo alowe m'nyumba yodyera.

Woyimbayo adali wamanzere. Ankavala ndolo imodzi yokha. Akamaseka ankatseka pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Ndidawerenga zimenezi mawu anga osagwedera, ngakhale kuti m'maso mwanga ndinkaona Wojambula atakhala pa mpando wa m'nyumba yodyerayo, ndolo yake imodzi ikugwedezeka. Ndidadziuza kuti mitu imeneyi idalembedwa ine ndisanabwere, ndipo wolemba amatola zimene zili pafupi. Zimenezo ndikadatha kuzimeza.

Tidafika mutu wachisanu dzuwa litayamba kupendeka. Mlendo ndi woyimba adali pa benchi, sitima itadutsa iye osakwera. Ndidapendeketsa foni kuti mng'alu uchoke pa mzere, ndipo ndidawerenga.

"Ine ndayenda njira zambirimbiri, koma ndikaona iwe..."

Ndidaima. Koma zala zake sizidaime. Zidapitiriza kugogoda, kumaliza chiganizocho popanda mawu anga. Kenaka nazonso zidaima.

Mutu wachisanu udatuluka ine ndisanamulembere uthenga wa mlonda wouka kwa akufa uja. Mawu amene ndidawasunga ngati ndalama ya m'thumba lamkati, amene ndidalirira m'basi, adali atagwirapo kale ntchito kwa mkazi wa ndolo imodzi. Ine adangondipatsa ovalidwapo, atawachapa.

Adayamba kufotokoza mofulumira. Adati nkhani za nthambi zimalembedwa m'tizidutswa mazanamazana, ndipo chidutswa chimodzi chimatha kusamuka kuchoka nthambi ina kupita ina. Adati kampani inkafuna kuti mbali zonse ziwiri zikhale ndi malo okoma ofanana. Adati adaiwala, ndipo akadakumbukira sakadandilola kuti ndiwerenge. Chomalizachi ndicho chidandipweteka koposa, ndipo ndidamuuza kuti ndathokoza, kani chisoni chake n'choti ndaona, osati choti adachita.

"Ndinawalemba ndisanakudziwe, sindikana," adatero. "Koma pa siteji paja sindinkawerenga. Ndinkanena."

"Nanga kwa iye munkatani? Munkayeserera?"

Adati pakati pa iye ndi Wojambula padalibe kanthu kupatula ntchito, ndipo ngati padali kamtima kena kalekale, kadafa kasanakule. Ndidamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma iye ndi katswiri, adapeza njira yoti mawu amodzi afunde akazi awiri.

Nthawi yonseyi chala changa chachikulu chinkasewera pamwamba pa galasi, ndipo chidatsitsa kachigawo kamene pamakhala kandege kaja. Sindikudziwa ngati ndidachita dala. Funso la achimwene lidakwera kuchokera pachifuwa kufika pakamwa.

"Ndiyankheni chinthu chimodzi. Foni iyi ndikanakhala kuti ndinaitaya, mukanabwera?"

Adatsegula pakamwa. Ndidamuyang'ana m'maso, ndikudikira, ndipo ndikulumbira kuti akadangoti inde, ngakhale monama, ndikadakhulupirira. Koma maso ake adatsika kuchoka pankhope yanga kupita pa dzanja langa.

"Samala chala chako," adatero.

Ndidadina.

Kandege kadazima. Pamwamba pa galasi padatuluka timizere ta intaneti ya m'nyumba, kamodzi, kawiri, katatu. Pakati pa tsamba padayamba kuzungulira kampira. Mlembi adadzuka, mpando n'kugwa chagada, koma sadandilande foniyo. Adangoima, dzanja lili m'malere. Benchi idazimirira, woyimba adazimirira, ndipo padatsala tsamba loyera ndi mawu akuti, "Pepani, nkhaniyi sikupezekanso."

Tidali titakopera mathero anayi mwa khumi ndi anayi.

Adadzutsa mpando n'kuubweza pamalo pake. Adatseka laputopu, adapinda chingwe chake bwinobwino, adaika kope m'chikwama. Amayi adali ataima pakhomo la kukhonde, singano ili m'manja. Adawathokoza chifukwa cha tiyi wa masiku onsewa. Kenaka adatembenukira kwa ine.

"Tsalani bwino," adatero.

Sadandinenepo kuti inu chidziwanirane chathu, ngakhale m'masabata amene ine ndinkamulasa nalo liwulo.

* * *

Ndinkayesa kuti achimwene avina. Koma atamva, adangotenga foniyo mwakachetechete n'kukakhala nayo kuchipinda kwawo maola awiri. Potuluka adaiika patebulo n'kunena kuti mulibe kanthu, ngakhale fumbi. Adawonjeza kuti ndachita bwino, munthu woteroyo ngwosathandiza, koma adanena akuyang'ana pansi.

Amayi sadandikalipire. Adadikira mpaka titatsala awiri kukhitchini, n'kunena kuti iwo Mlembi sankamufuna, ndipo mpaka pano sakumufuna.

"Koma mwana wanga, ukafuna kuti munthu achoke umamutsegulira chitseko. Suotcha katundu wake."

Ndidawayankha kuti katunduyo adali wakuba kale. Ndidanena mokweza kuti ndidzimve ndekha, ndipo masiku awiri otsatirawo ndidayenda mutu uli m'mwamba. Ndinkadziuza kuti ndayesa mtima wa munthu ndipo ndaupeza. Adabwerera foni, foni yatha, iye wapita. Achimwene adalondola. Chokhacho n'chakuti m'basi, popita ndi pobwera, ndinkasowa poika maso.

* * *

Lachitatu m'mawa belu la pachitseko cha sitolo lidalira, ndipo nditadzutsa mutu ndidaona ndolo imodzi.

Wojambula adaika magalasi ake pa tebulo langa n'kunena kuti mwendo umodzi wagwedera, ndimumangireko. Ndidatenga kasikuludiraiva osamuyang'ana. Adayendayenda m'sitolo, kuyesa mafulemu awiri atatu pagalasi loonera, n'kundifunsa ngati ofiirawo akumukhala. Ndidati onse amakhala munthu amene ali ndi nkhope ziwiri. Adaseka, atatseka pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

Kenaka adatsamira tebulo n'kunena kuti wabwera kudzathokoza.

Ndidamufunsa kuti akuthokoza chiyani. Adayankha mosafulumira, ngati munthu amene wakonzekera mawu ake kunyumba. Adati kodi ndimaganiza kuti zithunzi za m'nkhani ija ankazijambula kuchokera kumwamba? Mutu uliwonse, nthambi iliyonse, Mlembi ankamutumizira mawu ake onse kuti adziwe chojambula. Iye sataya kanthu. Mitu khumi ndi iwiri, mathero khumi ndi anayi, zonse zili m'kompyuta yake, mpaka galu wosintha mtundu.

Kasikuludiraiva kadandipulumuka n'kugubuduka pansi pa tebulo.

"Iye akudziwa zimenezi?"

"Anadziwa tsiku lomwe kampani inatseka. Ndinamuimbira ndine."

Adati adamuuza Mlembi kuti abwere adzatenge, koma pa mfundo imodzi: aiwale za mtsikana wa magalasi, ayambirenso pamene iwo awiri adalekezera kale. Mlembi adakana. Adati bola akakhale pabalaza la anthu omunyoza, kulemba liwu limodzilimodzi kwa miyezi, kusiyana n'kulandira nkhani yake pa mtengo umenewo. Adatinso mwina imeneyo ndiyo njira yokhayo yoti geti lija limutsegukirenso. Wojambula adanena zimenezi akumwetulira, koma ndidadziwa kuti mawuwo adamuwawa tsiku limene adawamva.

"Ndiye ndinangoti ndikuthandizeni kupeza mutu wachisanu. Ndimayesa mungomukalipira n'kumuthamangitsa. Zoti mufufuta zonse, ayi, pamenepo mwandiposa nzeru, mnzanga."

Ndidamufunsa chifukwa chake Mlembi sadandiuze. Adakweza mapewa. Adati mwina ankaopa kuti ndikamva kuti nkhani ili kwa iye, ndimuuza kuti akatenge komweko, n'kumutsekera geti kachiwiri. Adandifunsa ngati sindikadatero. Ndikadaterodi.

Adatola magalasi ake, mwendo uja ukadali wogwedera, n'kuwavala choncho.

"Dzulo wandiimbira yekha. Zaka zitatu si masewera, ndipo kwina kulikonse kulibe. Mfundo yanga sinasinthe."

Belu lidaliranso, chitseko chidatsekeka.

Ndidathamangira pakhomo la sitolo. Tsidya lina la msewu, pa siteji, Mlembi adaima ndi chikwama chake paphewa, malaya osasita. Wojambula adawoloka msewu mosathamanga n'kukaima pambali pake. Ndidatulutsa foni ndipo ndidaimba.

Ndidamuona akupisa m'thumba. Adatulutsa foni, n'kuyang'ana nambala yanga nthawi yaitali. Sadadule, komanso sadayankhe. Adadzutsa mutu kuyang'ana ku sitolo, ndipo ndikudziwa kuti adandiona, chifukwa ndidali nditakweza dzanja ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho mochedwa.

Basi idafika n'kuima pakati pathu. Itachoka, pa siteji padalibe munthu, ndipo foni idali ikuitanabe m'khutu mwanga.